Mano Akugwedera, Adotolo Akuti Mlandu ndi wa Shuga

Aphungu,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala m'malaini a anthu a kunjanji kuno ku Limbe. Kulemba ndinaphunzira kusukulu ya mishoni ndili mtsikana, koma kalata yopita kunyuzi sindinalembepo, ndiye mundikhululukire pamene ndaphonya. Nkhani yanga ndi ya m'kamwa mwa amuna anga. Ndikudziwa kuti za m'kamwa mwa mwamuna sakambira pagulu, koma zimene ndaona miyezi yapitayi zandiposa nzeru, ndiponso zafika kale kwa ankhoswe.

Amuna anga ndi a Wilkins. Anali asilikali a udindo wa Kopolo pa nkhondo ya Jeremani, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kuimba lipenga. Tsopano amagwira ntchito kushedi ya katundu pa siteshoni, ndipo Loweruka masana amatsogolera bandi ya anthu a kunjanji. Amene anaonererapo ukwati ku Limbe kuno analimva lipenga limenelo. Akaliika pamlomo, amayi a pamsika amasiya malonda, Amwenye nawo amatulukira pakhonde la sitolo. Ine ndemwe ndinakopeka ndi lipengalo ndisanaone nkhope ya mwini wake.

Chaka chimene anatsegula mlatho wa pa Zambezi ntchito inachuluka pa siteshoni, ndipo pakhomo pathu zinayamba kuyenda bwino. A Wilkins ananenepa mpaka jekete ya bandi tinakaikulitsa kwa telala. Tiyi ankamwa kam'mawa, masana ndi madzulo, wothira shuga mosaumira, mkaka wa m'chitini pamwamba. Tinkati ndiwo moyo wa m'tauni, ndipo anzanga a m'laini ankandiyamikira kuti ndimadziwa kusamala mwamuna.

Mvula ya chaka chatha itatha ndi pamene zinthu zinatembenuka. Choyamba linali ludzu. Mtsuko umene unkatifikitsa madzulo unayamba kutha dzuwa lili pamutu, ndipo madziwo sankakhalitsa m'thupi, kunali kungopita kuseri. Ankadya ngati anthu awiri koma akuonda, jekete tinakulitsa ija n'kuyamba kuwalendewera. Kenaka magazi. Tsiku lina ndinawaotchera chimanga chachiwisi, ataluma, pachitsononkho panatsala pofiira. Mswachi wawo ukatuluka m'kamwa unkakhala ngati wauviika m'magazi a nkhuku. Nkhama zinatupa, zinafewa, kenaka zinayamba kubwerera m'mbuyo, mano n'kumaoneka aatali ngati si awo. Ukadina ndi chala pankatuluka mafinya. Za fungo ndisanene zambiri, Aphungu. Mwana wathu wotsiriza Mildred, amene ankakonda kukhala pamiyendo pawo, anayamba kutembenuza nkhope akamamuyankhula, ndipo iwo anaona.

Anthu anati ndi chiseyeye, titafune mandimu. Tinatafuna mandimu. Ena anati titsukemo ndi makala osinja, ena makungwa a mtengo wakuti. Zonse tinachita. Dzino lina la kuchibwano litayamba kugwedera ndi kuwawa, anapita kwa bambo wina amene amazula mano ndi pulayala kuseri kwa msika. Anabwerako akumwetulira, dzino lili m'kapepala, akuti zatha.

Sizinathe. Sabata yomweyo Mildred anaguluka dzino lake la ubwana. Mwanayo pake panapola masiku owerengeka, n'kumatafuna mtedza ngati palibe chachitika. Koma dzenje la bambo ake linakhala yasa, lakuda m'mbali, likukha. Mwezi unatha lili chomwecho, tsaya linatupa, thupi linayamba kutentha. Ndinkayang'ana m'kamwa mwa mwana, n'kuyang'ana mwa bambo, osamvetsa. Magazi ndi amodzi, chakudya chimodzi, madzi a pachitsime chimodzi. Nanga wina wapola bwanji, wina ayi?

M'laini munayamba manong'onong'o. Bandi yathu inali itagonjetsa bandi ya ku Ndirande pa mpikisano wa Khirisimasi, ndiye anthu anati alipo anapaka kanthu pa kamlomo ka lipenga. Ine ndine Mkhristu, koma ndisaname, kamlomo kaja ndinakaponya m'madzi owira amuna anga ali kuntchito.

Amene anatithandiza ndi anansi athu, Che Hamdani, oyendetsa lole ya fodya. Anabwera kudzazonda, atangoona tsaya lija anati, “A Kopolo, mawa ndili ndi ulendo wa ku Blantyre. Mukhala kutsogolo ndi ine, mayi akhala kumbuyo pa mabelo. Mukakana ndikunyamulani ngati belo lomwe.” Tinapita.

Kuchipatala dotolo wachizungu sanachedwe m'kamwa muja. Anangosuzumira, n'kununkhiza mpweya wawo, n'kuyamba kufunsa zina kudzera mwa dresa womuthandizira, a Bennet, amene ankamasulira. Mumamva ludzu? Mumapita kuseri kangati? Munayamba liti kuonda? Munthu amene anali asanapondepo pakhomo pathu ankanena za mtsuko wanga ngati ankautunga ndi iyeyo. Kenaka anapereka kabotolo kuti a Wilkins akaikemo madzi a m'thupi.

Amuna anga anakwiya. Anati, “Ine ndabwera ndi dzino. Mkodzo walowapo bwanji pa nkhani ya dzino?”

A Bennet anayankha mofatsa kuti, “Khalani pabenchipo, a Kopolo. Sitikuuzani ndi pakamwa, muona nokha.”

Aphungu, chimene ndinaona m'kachipinda kaja sindidzachiiwala. A Bennet anatenga timabotolo tiwiri towonda ngati chala, n'kuthiramo mankhwala abuluu, mtundu wake ngati buluu wochapira malaya oyera. Anandipempha kuti nanenso ndipereke anga, akuti tifanizire. Ndinachita manyazi koma ndinapereka. Anadonthezera anga m'kabotolo kamodzi, a amuna anga m'kenako, n'kuwiritsa tonse pa kanyali ka sipiriti. Kanga kanawira, kanawira, kanakhalabe kabuluu. Ka amuna anga kanayamba kubiriwira ngati madzi a pachithaphwi. Tikuyang'ana, kanasanduka kachikasu. Tikuyang'anabe, kanafiira ngati njerwa yootcha, ndipo pansi pake panadikha matope ofiira. Panalibe anakhudza. A Wilkins, munthu amene anaona mizinga, anavula chipewa n'kuchigwira m'manja.

“Ameneyo ndi shuga,” anatero a Bennet. “Wadzadza m'magazi mwanu mpaka akutayikira kunja.”

Pomwepo ndinakumbukira nyerere. Kuseri kwa nyumba, pamene amuna anga ankakonda kuima, nyerere zinkaunjikana mpaka ndinathirapo phulusa. Nditanena zimenezi dotolo anagwedeza mutu, n'kunena kuti nyererezo zinaidziwa nthendayo iye asanaidziwe.

Anatsuka dzenje lija, anatipatsa mankhwala ofiirira ochukucha m'kamwa, koma anati amenewo ndi ongothandizira. Anati, “Chilondachi chikukana kupola chifukwa magazi atsekemera. Tikatsitsa shuga, chitseka chokha.” Analetsa shuga, mkaka wa m'chitini, thobwa, nzimbe, mbatata, chinangwa ndi buledi. Nsima anati chipande chimodzi chaching'ono, ndiwo zamasamba zambiri, nyemba, mazira, nsomba.

Ndinabwerera kunyumba ndili ndi chikaiko. Chilonda chili m'kamwa, mankhwala akhale m'mbale? Koma ndinachita monga ananenera. Amuna anga ankadandaula kuti tiyi wopanda shuga ndi madzi otsukira mbale, koma ankamwa. Ndipo Aphungu, ndinaona ndi maso angawa. Ludzu linayamba kuchepa. M'mbali mwa dzenje muja munayamba kufiira bwino, nyama yatsopano ikumera kuchokera pansi, tsiku ndi tsiku, ngati pali wina akusoka m'katimo. Kutupa kunaphwa. Mswachi unayamba kutuluka woyera. Tsiku lina ndinapeza Mildred wakhalanso pamiyendo pawo akuwawerenga mano ndi chala. Titabwerera kuchipatala, madzi abuluu aja anangobiriwira pang'ono n'kuima pomwepo. Ndinatuluka panja n'kukhala pansi pa mtengo. Ndakhala ndikuphika kuyambira ndili mwana, koma sindinkadziwa kuti dzanja logwira chipande lingathe kutsegula kapena kutseka chilonda cha munthu.

Tsono vuto langa ndi ili. Mwezi wathawu kunabwera alamu anga, a Dorothy, mlongo wawo wa amuna anga, kuchokera ku Chiradzulu. Anabwera ndi chigubu cha thobwa, mtolo wa nzimbe ndi dengu la mbatata. Ataona mbale ya achimwene awo anaika manja m'chiuno.

“Kansima aka n'ka mwana wosiya bere,” anatero. “Achimwene anga anachoka kwathu ali ndi thupi. Inu mukuwapha ndi njala chifukwa cha madzi a m'botolo?”

Ndinayesa kufotokoza za madzi ofiira ngati njerwa aja. Anati Azungu ndi anthu a matsenga, angathe kusandutsa madzi mtundu uliwonse umene afuna. Anati shuga ndi chakudya cha mabwana, akanakhala kuti amadwalitsa bwenzi Azungu onse a ku Mandala alibe mano. Ine ndikapita kuchitsime, iwo ankawapatsa thobwa ndi mbatata yootcha, ndipo amuna anga, poti anamva bwino m'thupi, ankalandira. Panalibe anandiuza. Ndinadziwira pa mswachi. Sabata ziwiri zisanathe unayambanso kufiira, fungo linabwerera, mtsuko unayambanso kutha msanga. Nditawafunsa anayang'ana pansi n'kunena kuti, “Wakuuza ndani?” Ndinati, “M'kamwa mwanumo.”

Tabwererakonso kuchipatala, ndipo madzi aja afika pa chikasu. Dotolo akuti mano awiri a kutsogolo m'munsi aola ku mizu, pali mafinya amene sangathe mano ali pomwepo, ndipo mafinyawo akukwezanso shuga. Akuti awazula, koma osati tsopano, mpaka madzi abwerere kobiriwira. Akutinso chakudya chikalephera pali jekeseni ya tsiku ndi tsiku yochokera ku Ulaya.

Amuna anga akukana. Akuti, “Dzenje limodzi lija linafuna kunditenga, awiri ndiye nditsala?” Akutinso popanda mano a kutsogolo lipenga silingalire, ndipo iwo popanda lipenga ndi wonyamula matumba chabe. Masiku ano, poti mano akugwedera, Loweruka amakhala pakhonde n'kumalipukuta ndi kansalu, anzawo akuguba kumsewu popanda iwo.

A Dorothy anabwerera kumudzi n'kukanena kwa malume awo, a Peterson, amene ndi nkhoswe yathu. Uthenga wabwera kuti mwezi uno ukatha abwera kudzamva chifukwa chimene ndikuwamanira amuna anga chakudya, ndipo ngati sindisintha awatenga akadwalire kwawo.

Ndithandizeni, Aphungu. Kodi n'zoona kuti shuga wa m'magazi angafike mpaka kunkhama, kapena maso anga akundinamiza? Kodi ndiwakakamize kuzula manowo, nanga chilonda chikakananso kupola ndidzayankha chiyani? Ndipo ndikaime bwanji pamaso pa akuluakulu amene akuona ngati chikondi ndi mbale yodzadza?

C. M., Limbe

*

Mayi C. M.,

Maso anu sakukunamizani. Ndisanakhale pampando uno ndinagwira ntchito ya udresa zaka zambiri, ndipo madzi abuluu amenewo ndinawawiritsa kosawerengeka. Mpaka tsiku lomaliza, akayamba kusanduka, ndinkawayang'anitsitsa ngati n'koyamba. Musachite manyazi kuti munakakhala pansi pa mtengo. Mlengi analuka thupi ili ngati mphasa, ukasolola bango limodzi kuno, kumagwedezeka kutsidya.

Ndiyambe ndi funso lanu loyamba. M'mimba mwa munthu muli kachiwalo kotchedwa kapamba. Kamatulutsa timadzi timene timatsegulira shuga njira kuti achoke m'magazi n'kukalowa m'minofu, kumene amasanduka mphamvu. Kwa amuna anu ntchito imeneyi yafooka. Shuga akungozungulira m'magazi osalowa kumene akufunika, n'chifukwa chake amadya koma akuonda. Magazi omwewo ndi amene amadyetsa nkhama, ndipo ndi amene amanyamula asilikali a thupi opita kukamenyana ndi tizilombo pachilonda. A Kopolo amvetsa ndikanena kuti magazi otsekemera ali ngati msewu wa matope nthawi ya dzinja: asilikali amafika mochedwa, atatopa, ndipo zomangira chilonda zimatsalira m'njira. Pamene tizilombo ta m'kamwa, tosaoneka ndi maso, tikupeza chakudya chochuluka n'kumaswana. Malovu nawo amachepa, m'kamwa mumauma, palibe chotsuka. Mwana wanu anapola msanga chifukwa msewu wake ndi wouma.

Chimene chimandidabwitsa koposa n'chakuti njirayi imayenda uku ndi uku. Shuga amaoletsa nkhama, nkhama zoola nazo zimakweza shuga, chifukwa thupi limene lili pa nkhondo ndi mafinya silimvera bwino timadzi ta kapamba tija. Ndinaonapo wodwala amene madzi ake anakana kutsika ngakhale ankadya mosamala, ndipo atangomuchotsa dzino la mafinya anatsika. Dotolo wanu akunena zoona.

Alamu anu afunsa funso labwino, ndipo liyankhidwe. Si onse odya shuga amene amadwala nthendayi, ndipo Azungu nawo amadwala, ambiri ndithu, kungoti mano awo ena ndi ogula. Nthenda ili m'thupi la munthuyo. Koma ikalowa, chotsekemera chilichonse chili ngati palafini pa moto. Ndiye musadziimbe mlandu wa tiyi wa zaka zija, ndipo za bandi ya ku Ndirande muzitaye. Anthu aja anagonja pa mpikisano, asagonjenso pa mbiri.

Funso lachiwiri. Inde, manowo azulidwe, koma nthawi yake ndi imene wanena dotolo, ndipo malo ake ndi kuchipatala. Kuseri kwa msika asapondekonso. Dzenje loyamba linavuta chifukwa linakumbidwa shuga ali pamwamba, ndi chitsulo chimene sitikudziwa kuti chinachokera m'kamwa mwa yani. Uzani amuna anu kuti dzenje lomwelo ndilo mboni yawo: linakana kupola magazi ali otsekemera, linatseka magazi atasintha. Musawakakamize ndi mkangano. Mwamuna amene waopa sanena kuti waopa, amanena za lipenga. Apempheni Che Hamdani akhale nawo pakhonde, aja akuoneka kuti amadziwa kuyankhula ndi Kopolo.

Za lipengalo sindikunamizani. Mwina adzaimbanso, mwina ayi. Mano a m'mwamba akalimba, ena amaphunzira kuliika mwa njira ina, ndipo aliponso amisiri opanga mano oikirira, mungafunse kuchipatala komweko. Koma awa awiri akawaumirira, mafinya adzadya fupa n'kugwetsa oyandikana nawo, mpaka onse. Pakali pano asaliimbe, chifukwa kukanikiza chitsulo pa mano ogwedera n'kuwathandiza kugwa. Koma Loweruka asakhale pakhonde. Bandi imafuna woitsogolera ndi woiphunzitsa, ndipo zimenezo sizifuna mano.

Kunyumba chitani izi. Mswachi ukhale wa mtengo wofewa, wotafunidwa bwino mpaka nsonga ikhale ngati thonje. Atsuke m'mawa ndi pogona, mofatsa, kuchokera kunkhama kupita kunsonga ya dzino. Magazi akatuluka asaleke, chifukwa malo amene mswachi ukuwathawa ndi amene tizilombo timamangapo mudzi. Makala, phulusa ndi mchenga ayi, zimapala nkhama zodwala kale. Akatha kudya achukuche ndi madzi ofunda othira kamchere, ndipo mankhwala a kuchipatala aja apitirize monga anauzidwa. Ngati amasuta kapena kuika fodya m'kamwa, asiye, fodya amachedwetsa chilonda kupola. Ludzu likawagwira, madzi okha.

Pa chakudya mwachita bwino, koma ndikudzudzuleni pang'ono. Mbale ya wodwala isaoneke ngati chilango. Nsima yachepa, ndiye ndiwo zichuluke mpaka mbale idzadze: nkhwani wotendera, chisoso, therere, nyemba, matemba, dzira. Ufa ukhale mgaiwa. Ndipo inu ndi ana musamamwe tiyi wa shuga iwo akuona. Munthu amene akudya yekha zosiyana ndi anzake amamva ngati mkaidi, ndipo mkaidi akapeza thobwa amamwa.

Muziwayang'ananso kumapazi. Nthenda imene yachedwetsa chilonda cha m'kamwa ichedwetsanso cha kuphazi, ndipo kushedi kuli misomali ndi mabokosi. Asayende opanda nsapato. Kabala kalikonse, ngakhale kochekedwa ndi lumo pometa, katsukidwe ndi kuonetsedwa kukapanda kuuma.

Jekeseni musaiope. Dzina lake ndi insulini, ndipo ndi timadzi ta kapamba tomwe tija, totengedwa ku ziweto n'kuyeretsedwa. Pamene ndinkayamba udresa kunalibe. Odwala shuga amene chakudya chinawalephera tinkangowayang'ana akutha. Nditamva koyamba kuti kwapezeka mankhwala otere ndinkayesa nkhambakamwa, mpaka ndinaona munthu amene tinali titamutaya kale akudzuka n'kupempha madzi osamba. Sipezeka mosavuta kuno, ndiye dotolo akaipereka, landirani ndi manja awiri. Koma mufunsitse malamulo ake. Wobayidwa jekeseniyi sadumpha chakudya, ndipo akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira ndi kuyankhula zosokonekera, ndiye kuti shuga watsika kupyola muyezo. Nthawi yokhayo ndi imene mudzathamangire supuni ya shuga yemwe mukumubisayo.

Tsopano ankhoswe. Musakakangane nawo, simungapambane. A Dorothy si mdani wanu. Anayenda ulendo wonse uja atasenza mbatata chifukwa amakonda mlongo wawo, ndipo kwathu kuno chikondi timachiyeza ndi mbale. A Peterson akafika, alandireni mwaulemu, aphikireni bwino, amve mbali yawo mpaka amalize. Ankhoswe a kwanu akhalepo. Kenaka mupemphe chinthu chimodzi chokha: mlandu usagamulidwe pakhomo, ukagamulidwe kuchipatala. Pitani kaye nokha mukapemphe a Bennet tsiku. Ngati a Dorothy akuti ndi matsenga a Azungu, apereke awo, a Peterson aperekenso awo, asankhe okha timabotolo, aime pafupi ndi nyali. Inu musanene kanthu. Mawu anu angawakane chifukwa ndinu mtengwa chabe kwa iwo pa nkhani iyi, koma chimene munthu waona yekha amakachifotokoza kumudzi ngati anachitulukira ndi iye. Pambuyo pake muwapatse a Dorothy ntchito. Auzeni kuti achimwene awo akufunika nyemba, nandolo, mtedza ndi mfutso wa kumudzi. Munthu amene wabwera ndi dengu sabwezedwa ndi dengu lake, amangouzidwa choikamo.

Amuna anunso ayankhule okha pa bwalolo. Thupi ndi lawo, ndipo si bwino kuti inu mukhale wapolisi wa pakamwa pawo moyo wonse. Anene pamaso pa malume awo kuti kansima kaja anakavomera ndi iwo.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo mulisunge. Tsaya likatupa mpaka kutsikira kukhosi kapena kukwera kudiso, thupi likatentha, akayamba kusanza, kupuma mozama, kuodzera masana, mpweya ukamanunkha ngati zipatso zovunda, musadikire ankhoswe, musadikire lole, musatume munthu ku Chiradzulu. Apezereni machila kapena njinga, apite kuchipatala nthawi yomweyo.

Koma tsiku limene ndikuliopa kwambiri si limenelo. Ndi tsiku limene zilonda zidzapole, nkhama zidzalimbe, thupi lidzabwerere, anthu a m'laini n'kuyamba kunena kuti a Kopolo achira. Nthendayi siichoka, imangogona. Ndaika m'manda anthu ambiri amene anapirira bwino nthawi ya ululu n'kugonja nthawi ya mtendere. Tsiku limenelo mudzathokoze Mulungu, mudzaphe nkhuku, muitane anansi. Tiyi mudzawathirire wopanda shuga.

Phungu wanu